Kuika mpeni wabwino m'puleni yamanja

Mmisiri aliyense wa matabwa amene wagwirapo ntchito m'mashedi a ku Luwinga, ku Chibavi kapena ku Zolozolo amaidziwa puleni yotopetsa mwini wake. Imanoledwa m'mawa, koma nthawi ya nkhomaliro isanakwane imakhala itabuntha kale, ndipo ikakumana ndi mfundo ya paini wa ku Chikangawa imadumpha n'kusiya timizere tonga mafunde pathabwa. Ambiri zikafika pamenepa amaweruza kuti puleni yonse ndi yachabechabe, chonsecho kawirikawiri thupi lake limakhala lilibe mlandu. Chimene chimadya thabwa ndi kachitsulo ka mamilimita 50 kapena 60 m'lifupi, ndipo kachitsulo kameneka kamasinthika. Ine ndasintha mipeni m'mapuleni angapo, anga ndi a anzanga, ndipo mfundo imene ndikufuna kuti muigwiritse ndi yakuti mpeni woyenera ndalama zanu ndi umene ungakhale bwino m'puleni imene muli nayo, komanso umene miyala yanu yonolera ingaukwanitse. Dzina lotchuka la kampani limabwera pambuyo pa ziwirizi.

Musanagule chilichonse, uweruzeni kaye mpeni umene ulipo. Unoleni mosamala kwambiri kuposa masiku onse, mupale thabwa loyera lopanda mchenga kwa mphindi khumi, kenako muuchotse ndi kuuyang'ana powala. Ngati kukamwa kwake, kumene kumadula thabwa, kwapindika, moti mukapititsa chikhadabo kumsana kwa mpeni (mbali yake yosapendekeka) chikukodwa, ndiye kuti chitsulocho ndi chofewa. Ngati kwabenthukabenthuka ngati mano a sowo, chitsulocho chinalimbitsidwa mopitirira kapena munachinola mopyapyala kwambiri. Njira ina yachidule ndi ya tupa. Pititsani tupa pang'onopang'ono pakona ya mpeni pafupi ndi kukamwa: pachitsulo cholimba bwino tupa amangoterereka, koma akaluma n'kutulutsa ufa wachitsulo, mpeniwo sungasunge kuthwa ngakhale muunole tsiku lonse.

Pali chinthu chimodzi chimene chimanamiza anthu pano. Mpeni umene unapsa pagulayinda, uja umaoneka wabuluu kunsonga, umafewa pamalo opsawo pokha. Mtundu wabuluu umaoneka chitsulo chikatentha kufika pafupifupi madigiri 300, ndipo pamenepo kulimba kumakhala kwachoka. Mukadya milimita imodzi kapena awiri mofatsa, mukuviika m'madzi pafupipafupi, nthawi zambiri mumakapeza chitsulo chabwino kumbuyo kwake. Mpeni wotere si wotaya ayi. Wotaya ndi umene dzimbiri lakumba timaenje kumsana kwake, chifukwa kunola kukafika pa kadzenje kalikonse kukamwa kumakhala ndi mpata umene umasiya mzere pathabwa. Kuno ku Mzuzu, kumene mvula imachedwa kusiya ndipo m'miyezi yozizira chinyezi sichichoka m'shedi, matenda amenewa ndi ofala. Wotayanso ndi mpeni umene wafupika mpaka kukamwa kwayandikira bowo lalitali la pakati, popeza chakumeneko chitsulo nthawi zambiri sichikhala cholimbitsidwa.

Mukatsimikiza kuti mpeni watha ntchito, tengani rula. Mapuleni achitsulo ambiri amene tili nawo amatsatira kapangidwe ka Leonard Bailey wa ku America, amene kampani ya Stanley inagula luso lake mu 1869. Kampani ya Record ya ku Sheffield, ya Anant ya ku India ndi ena ambiri anatengera kapangidwe komweko, n'chifukwa chake mipeni yawo imatha kulowana. Puleni ya nambala 3 imafuna mpeni wa mamilimita pafupifupi 45 m'lifupi. Nambala 4 ndi nambala 5, zimene ndi zofala kwambiri m'mashedi mwathu, zimafuna wa mamilimita 51, kapena kuti mainchesi awiri. Nambala 4½, 6 ndi 7 zimafuna wa mamilimita 60, ndipo nambala 8 imafuna wa mamilimita 67. Komabe musangodalira nambala yolembedwa pathupi la puleni, makamaka ngati ndi ya kampani yosadziwika. Yezani m'lifupi mwa mpeni wakale, m'lifupi mwa bowo lake lalitali, ndi kukula kwa pakamwa pa puleni (mpata wa kunsi wotulukira mpeni), mulembe papepala. Ngati mukutuma m'bale amene akuchokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, ndi bwino kumupatsira mpeni wakalewo m'manja kuti akayerekeze, chifukwa chinthu chogulidwa kutali sichibwezeka.

Tsopano nkhani ya kunenepa kwa mpeni, imene ogulitsa amailimbikitsa kwambiri. Mpeni wamba wa Stanley kapena Record ndi wonenepa pafupifupi mamilimita awiri. Mipeni yolowa m'malo mwake yopangidwa ndi kampani ya Hock imakhala pafupifupi mamilimita 2.4, ya Veritas ya ku Canada pafupifupi 2.5, ndipo ilipo ina yopitirira mamilimita atatu. Ubwino wa mpeni wonenepa ndi woona: sunjenjemera msanga ukakumana ndi mfundo kapena bulugama wouma, ndipo ponola umakhazikika bwino pamwala chifukwa mbali yake yopendekeka ndi yotakata. Koma puleni ya Bailey inapangidwira mpeni wopyapyala, ndipo mukapitirira muyeso pamabuka mavuto atatu.

Loyamba lili pa kachitsulo kamphanda kamene kamatsitsa ndi kukweza mpeni mukazungulitsa gudumu lamkuwa la kumbuyo. Nsonga yake imadutsa m'bowo lalitali la mpeni n'kukalowa m'kabowo kakang'ono ka chitsulo chachiwiri chimene chimagona pamwamba pa mpeni, chija amisiri amachitcha cap iron. Mpeni ukanenepa, cap iron imatalikira, ndipo nsonga ija imangokhudza pang'ono kapena kulephereratu kufika. Mumazungulitsa gudumu koma mpeni osasuntha. Lachiwiri ndi sikuluu yomangira zitsulo ziwirizi, imene imatha kufupika moti imangogwira ndi mano awiri okha. Lachitatu ndi pakamwa pa puleni, pamene pamatha kutsekeka moti zopalidwa zimasowa potulukira. Chifukwa cha zimenezi, kwa puleni yakale ine ndimalangiza mpeni wa pakati pa mamilimita 2.4 ndi 2.5. Umenewu umalowa m'mapuleni ambiri popanda kusema thupi lake, ndipo phindu lalikulu la kunenepa mumakhala mwalipeza kale.

Mtundu wa chitsulo ndi pamene munthu wa kuno ayenera kuganiza mosiyana ndi zimene amawerenga pa intaneti. Chitsulo chotchedwa O1 amachilimbitsa pochiviika m'mafuta, chimanoleka mosavuta pamwala wamba wa oyilo ndiponso pa sandipepa, ndipo chimathwa kwambiri. Chofooka chake ndi chakuti chimachita dzimbiri msanga. Cha A2 chili ndi chromium pafupifupi magawo asanu pa 100 alionse, chimakhalitsa chisanabunthe, koma chimatenga nthawi pamwala wa oyilo ndipo chimakonda kubenthuka mukachinola mopyapyala kuposa madigiri 30. PM-V11 ya Veritas imasunga kuthwa nthawi yaitali ndipo si yovuta kwenikweni kunola, koma mtengo wake pamodzi ndi wotumizira ungapose wa puleni imene mukuikonzayo. Palinso HSS, chitsulo cha mipeni ya makina opalira, chimene chimapirira matabwa ouma ndi kutentha kwa gulayinda, koma popanda mwala wa dayamondi kuchinola mpaka chithwe bwino ndi chintchito. Mipeni yabwino yonseyi imalimbitsidwa kufika pafupifupi 60 kapena kupitirira pang'ono pa muyeso wa kulimba wa Rockwell, choncho kusiyana kwake kwenikweni sikuli pa kulimba koma pa mmene imathera ndi mmene imanolekera.

Kwa mmisiri amene chuma chake chonolera ndi mwala umodzi wa mbali ziwiri ndi botolo la oyilo, ine ndimasankha O1 mosakayika. Mpeni umene umabwerera pakuthwa m'mphindi ziwiri umanoledwa pafupipafupi, pamene wovuta kunola mwini wake amauzengereza n'kumangokankha puleni yobuntha ndi mphamvu, ndipo mapeto ake thabwa limatuluka loipa kuposa kale. Ngati ntchito yanu yambiri ndi ya bulugama ndi matabwa ena ouma, ndipo muli ndi mwala wa dayamondi, pamenepo A2 kapena PM-V11 zili ndi phindu.

Ena amapita kwa osula zitsulo kuti awapangire mpeni kuchokera ku sipuling'i yagalimoto kapena ku tupa wakale. Zimatheka, ndipo ndaonapo mipeni yotere ikupala bwino m'mapuleni amatabwa, momwe mpeni umangopanikizidwa ndi mphero. Koma m'puleni yachitsulo pamafunika mpeni wofanana kunenepa kuyambira kumutu mpaka kukamwa, wosapindika ngakhale pang'ono, wokhala ndi bowo lalitali lolunjika, ndipo chitsulo chopyapyala chotero chimakonda kupotoka pochiviika m'mafuta. Ngati mulibe wosula waluso amene munaona kale ntchito yake, njira imeneyi ingakutayitseni nthawi.

Ndifike pa cap iron, imene kwa ine ndi theka la nkhani yonse ngakhale kuti ambiri saiganizira. Ntchito yake ndi iwiri: kulimbitsa mpeni pafupi ndi kukamwa kuti usanjenjemere, ndi kupinda chopalidwa chikangodzuka kuti chisathamange kutsogolo n'kuzula thabwa. Ofufuza awiri a pa yunivesite ya Yamagata ku Japan, a Kato ndi a Kawai, anajambula mpeni ukupala motsutsana ndi mitsempha ya thabwa, ndipo zithunzi zawo zinaonetsa poyera kuti cap iron ikakhala pafupi kwambiri ndi kukamwa kwa mpeni, kuzuka kwa thabwa kumachepa zedi. Izi n'zofunika kwa ife amene timapala mbawa, mtengo umene mitsempha yake imasinthasintha kolowera, moti mbali imodzi ya thabwa imasalala pamene mzere woyandikana nawo ukukumbika. Mpeni wodula chotani sungathetse vuto limeneli ngati cap iron ili kutali kapena ili ndi mpata.

Mangani cap iron pampeni, muziyang'ane cham'mbali mutalozetsa kuwala. Mukaona kuwala kukudutsa pakati pa nsonga ya cap iron ndi msana wa mpeni, zopalidwa zidzalowa pamenepo ndi kutseka puleni. Kuti mukonze, gonekani nsonga ya cap iron pamwala, mbali ya kumutu kwake ili m'munsi pang'ono kuposa pamwamba pa mwalawo, ndipo muikhule chammbali mpaka nsonga yokhayo ndiyo izikhudza mpeni kuyambira kona ina kufika kona inzake. Kenako salazani kumaso kwa nsongayo, kumene chopalidwa chimagunda, kuti pakhale kupendekeka kwa madigiri pafupifupi 50, ndipo mupukute mpaka pawale. Cap iron yakale ikakhala yopindika kapena yodyeka ndi dzimbiri, gulani yatsopano pamodzi ndi mpeni, koma muyeze mtunda wochokera kunsonga kufika pa kabowo kolowa kachitsulo kamphanda kaja. Mtunda umenewu ukasiyana ndi wa yakale ndi mamilimita ochepa chabe, gudumu limatha ulendo wake mpeni usanatuluke, kapena mpeni umakana kubwerera m'kati.

Mpeni watsopano sufika wokonzeka kupala, ngakhale pepala lake litanena choncho. Yambani ndi kumsana, mbali yosapendekeka. Matani sandipepa wosaopa madzi, amene amapezeka m'mashopu ogulitsa penti wa galimoto, pagalasi lonenepa la mamilimita asanu kapena kuposa, ndipo mukhule masentimita awiri okha oyandikira kukamwa. Palibe chifukwa chosalaza msana wonse. Jambulani timizere ndi cholembera cha maka pamalopo kuti muziona pamene chitsulo chikudyeka. Yambani ndi nambala 220 ngati pali mizere yakuya ya makina, mupite ku 400, 600, 1000 mpaka 2000, ndipo musadumphire nambala yotsatira mizere ya yapitayo isanathe. Ntchito imeneyi imachitika kamodzi pa moyo wa mpeni, choncho musaithamangire. Mmisiri wa ku England, David Charlesworth, anatchukitsa njira yofupikitsa: kugoneka rula yopyapyala yachitsulo m'mphepete mwa mwala wosalala, kusanjika mpeni pamwamba pake, ndi kupukuta kamzere kakang'ono kokha ka kukamwa. Njirayi ndi yabwino pa mipeni ya puleni, koma musaigwiritse ntchito pa tchizulo, imene imafuna msana wowongoka kotheratu.

Mbali yopendekeka nthawi zambiri imabwera itasemedwa pa madigiri 25, ndipo inu munole kansonga kokha pa madigiri 30. Ngati mulibe choyezera, kumbukirani kuti pa madigiri 30 kutalika kwa mbali yopendekeka kumakhala kuwirikiza kawiri kunenepa kwa mpeni, ndipo pa madigiri 25 kumakhala pafupifupi kawiri ndi theka. Pa madigiri 25, mpeni wa mamilimita 2.4 umakhala ndi mbali yopendekeka ya mamilimita pafupifupi asanu ndi limodzi. Amene muli ndi kachipangizo kogwirira mpeni ka mtundu wa Eclipse, tulutsani mpeni mamilimita 50 kuti mupeze madigiri 25, kapena mamilimita 38 kuti mupeze 30. Musapitirire madigiri 35. Mpando umene mpeni umatsamira, umene dzina lake ndi frog, ndi wopendekeka madigiri 45 ndipo mbali yonoledwa imayang'ana pansi, choncho mukakweza kwambiri, chidendene cha mpeni chimayamba kukhula thabwa kukamwa kusanalume. Nolani mpaka mumve kawaya kopyapyala kumsana, kuyambira kona ina kufika inzake. Ngati kawayako sikanafike pakati, pamene mpeni umathera kwambiri, ndiye kuti simunamalize. Chotsani kawayako pamwala wosalala, kenako mukokere mpeni chammbuyo pachikopa chomatidwa pathabwa, chopakidwa pang'ono polishi wa zitsulo.

Maonekedwe a kukamwa atsatire ntchito ya puleniyo. Pa nambala 5, imene imayamba kudya thabwa lochokera kumacheka, kukamwa kukhale kozungulira pang'ono ngati uta, kuti pakati patsogole ndipo puleni idye kwambiri mosalemera. Pa nambala 4 yomalizira, kukamwa kukhale pafupifupi kowongoka, koma mupanikize chala kangapo pakona iliyonse ponola kuti makona asamasiye mizere. Pa nambala 6 kapena 7 yowongolera m'mphepete mwa matabwa olumikiza, uta ukhale wochepa kwambiri.

Musanabwezere mpeni, masulani mpando uja, muchotse utuchi, utomoni wa paini ndi penti zimene zili pansi pake ndi pamaso pake. Mpeni wabwino wotsamira pampando wosakhazikika umanjenjemera ngati wakale womwe. Ngati pali dzimbiri lambiri, viikani zitsulozo mu viniga usiku umodzi, mutsuke, muumitse bwino ndi kupaka oyilo nthawi yomweyo. Pobwezera mpando, uikeni molingana ndi kupendekeka kwa kumbuyo kwa pakamwa pa puleni, kuti mpeni utsamire ponse pawiri. Mukaubweza m'mbuyo mopitirira, mpeni umakhala pa thupi la puleni m'munsi ndi pamutu wa mpando m'mwamba, pakati pali mpata. Mangani cap iron pa mtunda wa milimita imodzi kuchokera kukamwa ngati mukupala mwakuya, theka la milimita pa ntchito wamba, ndipo pa mbawa kapena mlombwa wovuta muisendeze mpaka patsale kamzere kowala konga tsitsi, pafupifupi 0.2 kapena 0.3 ya milimita. Poisendeza samalani kuti isadutse n'kugunda kukamwa kumene mwangonola. Popeza mpeni watsopano ndi wonenepa, masulani pang'ono sikuluu ya chotsekera cha pamwamba musanachitseke. Chiyenera kutsekeka ndi chala chachikulu mosavutikira, pakuti kuchikakamiza kumatha kuchithyola, ndipo chikathina kwambiri gudumu limalimba.

Tsopano tembenuzani puleni, muyang'ane motsatira kunsi kwake kuchokera kutsogolo, ndi kuzungulitsa gudumu mpaka kukamwa kuoneke ngati kamzere kakuda. Wongolani ndi kandodo ka m'mbali kuti kamzereko kafanane mbali zonse. Ngati mpata wa kutsogolo kwa mpeni watsekeka ngakhale mpando uli pamalo ake, pamenepo pokha ndi pamene mungagwire tupa. Lembani mzere ndi sikweya kutsogolo kwa pakamwa, theka la milimita kuchokera m'mphepete, mupanikize puleni pakati pa timatabwa tiwiri mosathinitsa chifukwa chitsulo cha thupi lake chimasweka, ndipo museme mbali ya kutsogolo yokha, tupa atapendekera kutsogolo kuti mpata uzikula chokwera m'mwamba. Mbali ya kumbuyo musaikhudze. Semani pang'ono, muyese, musemenso, pakuti chitsulo chochotsedwa sichibwerera. Puleni yakale kwambiri ya Stanley kapena Record imene ili yosawonongeka, ine sindingaiseme. Ndi bwino kuifunira mpeni wopyapyalako.

Yesani pa paini wowongoka, mpeni utabwezedwa m'kati, n'kumautsitsa pang'onopang'ono mukupala. Nthawi zonse malizani kusintha mukuzungulitsa gudumu cholowera kotsitsa mpeni, kuti kachitsulo kamphanda kakhale katautchinjiriza kumbuyo. Chopalidwa choyamba chituluke pakati, ndipo pa nambala 4 chikhale chopyapyala moti chingaonetse zilembo za nyuzipepala mukachigoneka pamwamba pake. Cap iron ikamagwira ntchito yake, zopalidwa zimatuluka zowongokako m'malo mopiringizika kwambiri. Zikamatuluka zokwinyika ngati nsalu yofinyidwa ndipo puleni ikulemera, ibwezeni cap iron m'mbuyo pang'ono. Mpeni watsopano ukabenthuka pang'ono masiku oyamba musataye mtima, chifukwa kansonga koyambirira nthawi zina kamakhala kophweka kubenthuka, ndipo mukanola kawiri kapena katatu mumafika pachitsulo chokhazikika.

Matabwa ambiri amene timagula kuno amakhala atagonekedwa pansi kumalo ochekera ndi pamsika, ndipo mchenga umene umamatirira pa utomoni umabunthitsa O1 ngakhalenso PM-V11. Kwechani thabwa ndi bulashi yawaya musanalipale, ndipo mpeni wakale uja, ngati udakali ndi moyo pang'ono, usungeni kuti uzidya khungu loyamba la thabwa ndi la matabwa amene anagwirapo kale ntchito, momwe mumabisala misomali. Pa nyengo ya mvula ndi ya chifunga, pukutani mpeni ndi kansalu ka oyilo madzulo alionse, mubweze kukamwa m'kati, ndipo puleni muisunge m'bokosi lamatabwa lotseka, osati pasimenti. Kamodzi pa sabata masulani cap iron ndi kupukuta pakati pa zitsulo ziwirizo, chifukwa ndi pamenepo pamene chinyezi chimabisala n'kuyamba kukumba timaenje kumsana kwa mpeni.